Buku la zithunzi za ukwati wa mng'ono wanga: ndijambule chiyani, ndimate ndi chiyani?

Mkulu_wa_mkwatibwi

Moni nonse muno. Mng'ono wanga akukwatiwa mwezi wamawa, ndipo wandisenzetsa ntchito imene ndaivomera ndi mtima wonse koma ikundisowetsa tulo. Wojambula zithunzi alipo kale, adzachita zake. Chimene akufuna kwa ine ndi buku lomata pamanja: zithunzi zotsukitsa, khadi loitanira anthu, kachidutswa ka riboni ya pamaluwa ake, ndi mawu olembedwa ndi dzanja langa m'mbali mwake. Akuti zithunzi za m'foni ikangotha sabata sazionanso, koma buku adzalitsegula ngakhale ali ndi zidzukulu.

Chamupangitsa n'chakuti zithunzi za ukwati wa amayi athu n'zochepa kwambiri, ndipo pa chimodzi pali anthu oima mzere kumbuyo amene amayi eniake ena sakuwakumbukanso mayina. Kuseri kwa chithunzicho sikunalembedwe kanthu.

Ndagula buku la masamba akuluakulu, 30 cm mulitali ndi 30 cm mulifupi, masamba 20 omata mbali zonse. Ndili ndi foni ya kamera yabwinoko, komanso alamu anga andibwereka Canon yawo yokhala ndi lens ya 18-55mm. Ukwati sindinajambulepo. Ndiye ndithandizeni. Poti wojambula weniweni alipo, ine ndijambule chiyani? N'chifukwa chiyani pa zithunzi zambiri diresi loyera limangotuluka mbee, zopeta zake osaoneka? Nanga ndimate ndi chiyani kuti pakapita zaka zisadzasupuke kapena kusuluka?

Wojambula_wopuma

Mayi, ndinajambula maukwati kwa zaka zambiri mpaka msana unandikaniza, choncho ndiyankhe za kamera. Za guluu ndi mapepala abwera ena odziwa kuposa ine.

Musakapikisane naye wojambulayo. Nthawi ya malumbiro, yovekana mphete, yosainira, iye adzaima pamalo abwino kuposa onse, ndipo ndi ntchito yake. Mukakaima pambali pake mudzangotenga chithunzi chomwecho koma chopendekeka, akwatiwonso adzasokonezeka: mkwati maso kwa inu, mkwatibwi maso kwa iye. Zithunzi zambiri zabwino zinandionongekera motero, chifukwa cha achibale okweza mafoni kumbuyo kwanga. Muimbireni sabata yomwe ino, mumuuze chimene mukukonza, mumufunse pamene sakufuna kuti mudzaimepo. Mumufunsenso ngati adzakulolani kutsukitsa zina mwa zake n'kuika m'buku lanulo, chifukwa m'maiko ambiri lamulo limati mwini chithunzi ndi amene anachijambula, pokhapokha atagwirizana zina ndi womulemba ntchito.

Inu muli ndi chimene iye alibe: anthuwo mumawadziwa. Iye sangadziwe kuti agogo aja akhala phee kumapeto kwa mzere wachitatu ndi amene analera mkwatibwi ali khanda, kapena kuti mnyamata akuyendetsa galimotoyo ndi amene anawakumanitsa awiriwa. Kwa iye onse ndi alendo. Ndiye akwati akamalumbira, inu tembenukani, kamera iloze kwa oonerera. Bambo anu akupukuta magalasi pomwe sanade n'komwe. Mwana wagona pamiyendo ya azakhali ake, nsapato imodzi itavuka. Zimenezo ndiye zanu.

Pojambula muzikumbukira tsamba. Masamba 20 omata mbali zonse ndi malo 40. Patsamba la 30 cm pamakwana bwino zithunzi zitatu za 10 cm kwa 15 cm, n'kutsala polemba. Zikakhala zinayi pamathina. Mukufuna zosankhika cha m'ma 120, ndipo kuti zipezeke jambulani zochuluka kangapo kuposa pamenepo. Pa chochitika chilichonse tengani zitatu: chakutali choonetsa malo, chapakati choonetsa anthu, ndi chapafupi kwambiri. Tiyerekeze m'mawa mkwatibwi akuvala. Imani pakhomo mutenge chipinda chonse, diresi lili lende pachitseko cha kabati, nsapato zikadali m'bokosi, anthu ali yakaliyakali. Sunthirani pafupi, mutenge amayi anu akumumanga kumsana. Kenako yandikirani mpaka m'chithunzimo mutsale zala zawo zokha ndi timabatani ta diresi. Zitatuzi zikayalidwa patsamba limodzi, ngakhale amene kunalibe adzachiona chipindacho. Zina tengani kamera ili chopingasa, zina ili choimirira, chifukwa zopingasa zokhazokha zimavuta kuyala.

Tsopano za diresi. Kamera poyeza kuwala imayesetsa kuti zonse zimene ikuona, zikaphatikizidwa, zikhale zotuwa pakatikati. Ikaona suti yakuda ya mkwati ndi khoma lamdima kumbuyo imayesa kwada, imawonjezera kuwala, diresi n'kupserera. Zopeta ndi mikanda zikasowa motero sizibwereranso, ngakhale pa kompyuta. Pa Canon yanuyo pali batani lolembedwa +/-. Tsitsani kufika pa -1/3 kapena -2/3, jambulani, muone. Pa foni dinani pankhope, kenako kokerani pansi pang'ono kachizindikiro ka dzuwa kamene kamatulukako. Koma samalani apa: mukatsitsa kwambiri kuti mupulumutse diresi, nkhope ya munthu wakhungu lakuda imalowa mumdima. Batani palibe chimene lingachite pamenepo, nkhani ndi pomuimika munthuyo. Ayang'ane kumene kuwala kukuchokera, pafupi ndi zenera, kapena m'mphepete mwa mthunzi nkhope italoza koyera. Zenera likakhala kumbuyo kwake adzatuluka wakuda bii. Mukapeza mwana wonyamula chipepala chachikulu choyera kapena nsalu yoyera pafupi ndi nkhope, posalowa m'chithunzi, kuwala kumabwerera pansi pa chibwano ndi m'maso, ndipo mudzadabwa kusiyana kwake.

Gudumu la pamwamba pa kamera liikeni pa Tv, pamene mumasankha nokha nthawi imene kamera imatsekukira kuwala. Anthu oima kapena okhala, 1/125 ya sekondi. Oyenda, 1/250. Ovina, 1/500 ngati kuwala kukulola. M'kati mukakhala mwamdima musaope kukweza ISO, nambala imene imawalitsa chithunzi mumdima, mpaka 1600, ngakhale 3200. Timadontho timene timabwera m'chithunzi mukaikweza sitioneka kwenikweni pa chithunzi cha 10 kwa 15, koma nkhope yogwedezeka siikonzekanso. Lens yanuyo imatseguka mpaka f/3.5 ikakhala pa 18mm, koma mukaikoka kufika pa 55mm imathera pa f/5.6, ndiye kuti ikulandira kuwala kosafika theka. Mumdima yandikirani ndi miyendo, lensiyo muisiye cha pa 24mm kapena 35mm. Fulashi ya pa kamera imathandiza mamita ochepa chabe, ya foni ndiye mamita awiri basi. Munthu ali kumapeto kwa holo siimufika. Panja, dzuwa la paliwombo limaika mithunzi m'maso ndipo anthu amatsinzina. Mukatha kuwapatutsa akwatiwo kwa mphindi 10, sankhani ola lomaliza dzuwa lisanalowe.

Pa zithunzi za gulu sipalephera wophethira. Anthu awiri a ku bungwe la zasayansi la CSIRO ku Australia, Nic Svenson ndi Piers Barnes, anaiwerengetsera nkhaniyi mpaka analandira nayo mphoto ya Ig Nobel, yoperekedwa pa kafukufuku woseketsa koma wopatsa maganizo, mu 2006. Anapeza kuti gulu likakhala la anthu osafika 20, mugawe chiwerengero chawo ndi 3 pakakhala powala bwino, ndi 2 pakakhala pamdima, ndipo yankho lake ndi kangati muyenera kudina. Anthu 12 panja, ka 4. M'nyumba, ka 6. Ine ndinkawonjezerapo kamodzi nditanena kale kuti “basi, tatha”. Pamenepo mapewa amatsika, anthu amayang'anana n'kuseka, ndipo kawirikawiri chimenecho n'chimene mabanja ankasankha.

Mayi_womata_mabuku

Achemwali, za chithunzi cha amayi anu zandikhudza. Ine ndimakonza mabuku otere a ana anga ndi a abale, ndiye ndikuuzeni zimene manja anga akudziwa.

Selotepi iwalani. Pakapita zaka imasanduka yachikasu, guluu wake amalowerera m'chithunzi n'kusiya banga, kenako kapulasitikiko kamasupuka kokha. Guluu wamadzimadzi amanyowetsa pepala, chithunzi n'kuchita makwinya. Funani timakona tomatira zithunzi, timatumba ting'onoting'ono tosongoka timene mumamata patsamba n'kulowetsamo makona anayi a chithunzi. Guluu sakhudza chithunzicho, ndipo tsiku lina wina akadzafuna kuchichotsa kuti achite sikani adzangochisolola.

Onani pachikutiro cha buku lanu ngati palembedwa acid-free ndi lignin-free, kutanthauza pepala lopanda asidi ndi lignin. Lignin imachokera mu mtengo umene amapangira pepala, ndipo ndi imene imachititsa nyuzipepala yakale kufiirira ndi kufumbutuka. Asidi wa pepala lotero amasamukira pa chithunzi. Mukapeza palembedwa kuti linayesedwa ndi Photographic Activity Test, muyeso woona ngati pepala lingaononge chithunzi (ISO 18916), mwapeza chenicheni. Pa mapulasitiki otchingira masamba, polypropylene, polyethylene ndi polyester ndi abwino. PVC ayi, mumaidziwa ndi fungo lake lamphamvu, ndipo imadzamatirira pa chithunzi. Ma alubamu aja a masamba onata, okhala ndi pulasitiki yoyalula pamwamba, ndi amene aononga zithunzi za makolo ambiri. Mizere ya guluu imaonekera kuseri, ndipo chithunzi sichichoka osang'ambika.

Tsukitsani kwa otsuka zithunzi enieni. Inki ya ma printer ambiri a m'nyumba imasuluka msanga. Ine ndimasankha pepala losanyezimira, chifukwa buku limagwiridwa ndi manja ambiri ndipo lonyezimira limasunga zidindo za zala zonse. Yambani ndi zisanu zoyesera, poti papepala zithunzi zimatuluka zakudako kusiyana ndi mmene zimaonekera pagalasi la foni. Mukaona, muziwalitse pang'ono zotsalazo musanakapereke.

Duwa la mkwatibwi liikeni pakati pa mapepala omwa madzi, mutsendereze ndi mabuku olemera kwa masabata awiri kapena atatu, mapepalawo muziwasintha. Likauma lilowe m'kathumba kakekake ka pulasitiki, lisakhudze chithunzi. Ngati mukufuna kusunga lisiti ya mphete kapena ina iliyonse ya pepala loterera lija, ichiteni fotokope, chifukwa zilembo zake zimazimirira zokha. Zinthu zotupa monga riboni muzimwaze m'masamba osiyanasiyana kuti buku lizitsekeka.

Koma chimene ndalembera kwenikweni ndi mawu. Pansi pa chithunzi chilichonse cha anthu lembani mayina athunthu ndi ubale wake. “Azakhali” pawokha sizikwanira, chifukwa mdzukulu sadzadziwa azakhali a ndani. Lembani dzina, kenako “mlongo wawo wa bambo a mkwatibwi”. Tsiku, mwezi ndi chaka zikhale patsamba loyamba. A kwa mkwati simukuwadziwa onse, ndiye zithunzi zikangotuluka pitani nazo kwa amayi ake a mkwati, mukhale nawo pansi, akuuzeni mmodzimmodzi, inu mukulemba. Musachedwe nazo, zichitike m'masabata oyambirira anthu akukumbukirabe kuti anabwera ndi ndani. Lembani patsamba ndi pensulo kapena cholembera cha inki ya pigment. Bolopeni kuseri kwa chithunzi imaboola mizere imene imaonekera kutsogolo.

Chinanso chimene ndimachikonda: dulani timakhadi tating'ono pa pepala labwino lomwelo, mupite nato ku ukwati, mupemphe akuluakulu alembepo mawu awiri atatu ndi dzanja lawo. Ngakhale zilembo zikhale zonjenjemera, zisiyeni choncho, musazikopere. Amene maso kapena manja sakuwalola, ajambuleni mawu pa foni, mudzalembe inu n'kuonetsa kuti ananena ndi iwo. Khadilo limatidwe pafupi ndi chithunzi cha mwiniwake.

Musamate kanthu musanayale buku lonse patebulo. Likatha lizikhala kosafika dzuwa, kutali ndi khoma lachinyezi, chifukwa chinyezi chimabweretsa nkhungu ndi kumatanitsa masamba.

Mnyamata_wa_makompyuta

Anti, ine ndiwonjezere za mafayilo, chifukwa zithunzi zambiri zabwino zimaonongekera pamenepa. Kuti cha 10 kwa 15 chituluke bwino chimafuna ma pixel, timadontho timene timapanga chithunzi, 1200 kwa 1800, ndiye kuti 300 pa inchi iliyonse. Ngati mukufuna chachikulu cha 20 kwa 30 patsamba loyamba, chimafuna 2400 kwa 3600. Foni ya 12 megapixel imapereka cha m'ma 4000 kwa 3000, ndiye ikukwana. Vuto ndi potumizirana. WhatsApp imafinya chithunzi mukatumiza mwachizolowezi. Achibale akamakupatsani zawo auzeni atumize ngati Document, kapena mukopere ndi chingwe, kapena aike pa Google Drive. Chotenga pa Facebook ndi screenshot musavutike kutsukitsa.

Mafoni ambiri amajambula pa 4:3, pomwe pepala la 10 kwa 15 ndi 3:2. Makina otsukira amangodula okha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 9, ndipo pa chithunzi chopingasa chodulidwacho ndi pamwamba ndi pansi. Mitu ya anthu aatali imathera pomwepo. Muzisiya malo pamwamba pa mitu, kapena mudule nokha pa foni musanapereke. Canon ilibe vutoli, imajambula kale pa 3:2.

Musamakoke ndi zala ziwiri kuti munthu ayandikire, kumeneko n'kungokulitsa ma pixel omwewo. Portrait mode imasokonezeka pa velo ndi tsitsi, imadya m'mphepete, ndipo papepala zimaoneka kwambiri. Ngati foni yanu ndi iPhone, kuyambira 2017 imasunga zithunzi mu mtundu wa fayilo wotchedwa HEIC, ndipo si makina onse otsukira amene amatsegula; pitani ku Settings, Camera, Formats, musankhe Most Compatible. Galasi la kamera muzilipukuta pafupipafupi, thukuta la m'manja limachititsa zithunzi kutuluka mbuu. Usiku womwewo koperani zonse malo ena awiri, osadikira mawa.

Bambo_wa_ana_aakazi

Anzangawa anena zoona zonse, koma ine ndisiyane nawo pang'ono. Mayi, inu ndinu mkulu wake wa mkwatibwi. Tsiku limenelo adzakufunani pafupi, misozi ikamuonongera zodzola adzayang'ana inu. Mwana wanga woyamba atakwatiwa, amalume ake anagwira kamera kuyambira m'mawa mpaka usiku. Anatenga zithunzi zabwino ndithu, koma lero mu alubamu monse iwo mulibe, ndipo mwana wanga zimamuwawa nthawi iliyonse akaitsegula. Malumbiro anawaonera pa kagalasi ka kamera.

Buku la mng'ono wanu lopanda nkhope yanu lidzakhala loperewera. Pezani munthu wodalirika, mumuphunzitse zimene abambo ojambulawa alemba, mugawane nthawi. Ndipo mupemphe wojambulayo chithunzi cha inu awiri, osaiwala.

Mkulu_wa_mkwatibwi

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga mobwereza. Abambo a ana aakazi, mawu anu andifika pamtima. Ndaganiza kuti m'mawa ndijambule ndekha, poti m'chipinda chovalira wojambulayo sadzakhalamo nthawi yonse, komanso madzulo. Nthawi ya malumbiro kamera ndidzapatsa mwana wa alamu anga, amene amaidziwa kale, ndidzamusonyezeratu anthu oti asawaphonye. Ine ndidzakhala pampando pafupi ndi amayi.

Amayi omata mabuku, ndayang'ana pachikutiro. Palembedwa acid-free yokha, za lignin palibe. Ndilibweze? Abambo ojambula, pali choti ndichite tsikulo lisanafike kuti manja azolowere?

Mayi_womata_mabuku

Musalibweze, achemwali. Mukagwiritsa timakona, pansi pa chithunzi chilichonse mungathe kuyala kapepala kabwino kolembedwa zonse ziwiri, acid-free ndi lignin-free, kokulirapo pang'ono kuposa chithunzicho. Chithunzi sichikhudzananso ndi tsamba, ndipo kamzere ka pepala kozungulirako kamakongoletsa.

Wojambula_wopuma

Mayi, Loweruka likubwerali vekani wina malaya oyera, wina jekete lakuda, muwaimike pamodzi. Ajambuleni padzuwa, mumthunzi, pafupi ndi zenera, ndi m'chipinda madzulo magetsi atayaka. Mwana wa alamu anuyo akhalepo, nayenso adine. Tsukitsani zochepa muone ngati mabatani ndi misoko ya malaya oyerawo ikuoneka, nkhope zilinso zowala. Ngati n'kotheka kaoneni malo a ukwatiwo pa ola lomwe mwambo udzachitike, mudziwe kumene kuwala kumalowera.

Lembani papepala mayina a akuluakulu amene sayenera kusowa m'bukumo, mudzidzachonga mukawajambula, ndipo muyambe ndi okalamba chifukwa amatopa n'kunyamuka msanga. Usiku woti mawa ndi ukwati linganizani wotchi ya kamera ndi ya foni, kuti mukadzaphatikiza zithunzi pa kompyuta zidzandandalike zokha monga mmene tsiku linayendera. Batire lachiwiri ndi memori khadi yopanda kanthu zikhale m'kachikwama kanu, osati m'galimoto.